Mawu a Andale ku Chitipa: Kuchokera pa Bwalo la Fort Hill Kufika M'foni

Mu Febuluwale 1959 anthu a ku Fort Hill, komwe lero timati ku Chitipa, adatseka bwalo la ndege. Pabwalopo ndi pomwe pankatera ndege za Wenela zonyamula amuna opita kumigodi ku Joni, ndipo boma la atsamunda linkalidalira kwambiri popeza msewu wochokera ku Karonga udali wa dzina chabe. Kumapiri a Misuku anthu adaphwasula milatho ndi kugwetsera mitengo m'njira. Patsogolo pawo padali Flax Katoba Musopole, yemwe adabwerako ku South Africa atakhwima m'ndale za kumeneko, ndipo anthu ankangomutchula kuti General Flax. Boma lidachita kubwereka apolisi ku Tanganyika kuti alandenso bwalolo. Musopole adazemba asilikali kwa miyezi ingapo asadagwidwe.

Chidawakwiyitsa anthuwa sichidali chopeka. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa mu 1953 eni dziko akukana poyera. Padalinso malamulo a malimidwe, okakamiza munthu kukumba migula ndi kulima monga wanenera mlangizi, apo ayi chindapusa kapena ndende. Mlimi wa khofi wa pamtsetse wa phiri ku Misuku ankadziwa yekha kuwawa kwake. Koma nkhani yomwe boma lidauza dziko lapansi idali ina. Lidati atsogoleri a Nyasaland African Congress, pamsonkhano wa kutchire womwe adachita kufupi ndi Blantyre pa 25 Januwale, adapangana zopha Bwanamkubwa, Azungu, Amwenye ndi anthu akuda ogwirizana ndi boma. Kunyumba ya malamulo ku London nduna zidafanizira zimenezi ndi za Mau Mau ku Kenya. Pa 3 Malichi Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pangozi. Dr. Hastings Kamuzu Banda adatengedwa kupita kundende ya Gwelo, anthu oposa 1,300 adatsekeredwa, ndipo oposa 50 adaphedwa, 20 mwa iwo padoko la Nkhata Bay tsiku limodzi. Mu Julayi chaka chomwecho, gulu lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin lidapeza kuti pamsonkhano uja za ziwawa zidakambidwadi, koma chiwembu chokonzedwa chopulula Azungu padalibe. Pomwe zoonazo zinkatuluka n'kuti maliro ataikidwa kalekale.

Ndayambira kutali chonchi chifukwa tikamadandaula za mabodza a andale pa Facebook ndi pa WhatsApp, timayankhula ngati matendawa adabwera ndi foni. Luso lake ndi lakale: peza pomwe munthu pakumuwawa, gwira pomwepo, kenaka muuze dzina la yemwe wamupweteka. Ku Chitipa malo owawa sadasowepo, n'chifukwa chake mbiri ya bomali ikuonetsa bwino momwe lusoli lakhala likusinthira manja.

Nawonso omenyera ufulu sadali oyera m'manja. Wokayikira chipani ankatchedwa kapirikoni, ndipo dzinalo likakumata, nyumba yako inkatha kupsa usiku. Mu 1960 m'madera ena mudamveka zoti katemera wa nthomba ndi njira ya Azungu yoti anthu asamabereke, ndipo makolo ambiri adabisa ana awo. Ufulu womwe ankaumenyerawo udali woyenera, koma atsogoleri adaona msanga kuti mantha amasonkhanitsa anthu mofulumira kuposa kufotokoza, ndipo nzeru imeneyo adalowa nayo m'boma.

Kuyambira 1964 chida chachikulu chidakhala wailesi. MBC idali imodzi yokha, wailesi ya kanema kudalibe, ndipo nkhani zinkayamba ndi Ngwazi n'kutsirizira Ngwazi. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu Sepitembala chaka chomwecho, Kanyama Chiume, Yatuta Chisiza, Orton Chirwa ndi anzawo adasanduka zigawenga pakamwa pa aliyense wofuna kukhala pamtendere. Ambiri mwa othawa adalowera ku Tanzania ndi ku Zambia, ndipo Chitipa, yomwe ili pakati pa maiko awiriwa, idayamba kuyang'anidwa ndi diso lokayikira. Kukaona wachibale kutsidya kwa Songwe, chinthu chomwe Andali ndi Alambya ankachita malire asadalembedwe n'komwe, kunkatha kumuyambitsira munthu mafunso.

Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cholamula cha MCP udagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zikhale zilankhulo za boma, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi. Taganizani zomwe izi zidatanthauza m'boma lomwe lili ndi zilankhulo zambiri kuposa lina lililonse m'Malawi muno. Mwana wa kwa Mwaulambia amakula ndi Chilambya, wa ku Misuku Chisukwa kapena Chindali, wa kwa Kameme Chinyiha, Chinamwanga kapena Chimambwe, wa ku Nthalire ndi ku Wenya Chitumbuka, ndipo akafika pamsika amamvanso Chibemba ndi Chiswahili. Boma linkayankhula kwa anthu amenewa m'chilankhulo chomwe agogo ambiri sankachimva bwino, ndipo silinkayembekezera yankho. Linkangofuna khadi la chipani m'thumba, lomwe anyamata a Youth League ankafunsa pakhomo la msika ndi pokwera basi. Linkafuna amayi a mbumba ovala nsalu ya nkhope ya Kamuzu, otengedwa pamalole kukavina. Linkafuna kuti mwana aliyense wa sukulu aloweze nsanamira zinayi zija za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo.

Komabe pulopaganda ya nthawi imeneyo idali ndi kufooka kumodzi: mwini wake ankadziwika. Munthu ankadziwa kuti akuyankhulayo ndi boma, ndipo ankamvera ndi khutu limodzi. Kumalire kuno anthu ankapotoza wailesi usiku n'kumamvera Dar es Salaam, Lusaka kapena BBC motsitsa mawu. Masana ankaomba m'manja, mtima uli kwina.

Chakumapeto kwa ulamulirowo kudadza mabala awiri omwe mpaka lero andale amawatokosa akafuna mavoti a kumpoto. Mu 1987 boma lidayamba kusankhira ana ku yunivesite potengera boma lochokera, njira yomwe aliyense amangoti kota. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera kwawo, powanamizira kuti ankaphunzitsa mwaulesi ana a zigawo zina. Kudera komwe sukulu ndiyo idali njira yokha yothawira umphawi, izi zidalowa m'mafupa. Ndiye pomwe kalata ya maepiskopi a Katolika inkawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ndi pomwe Chakufwa Chihana ankamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo, kumpoto kudali kutapsa kale. Timapepala topanda dzina, totuluka m'makina a fax ndi a fotokope, tinkayenda dzanja ndi dzanja. Tina tinkanena zoona, tina tinkathira mchere wambiri. Boma nalo linkaopseza kuti matipate ndi nkhondo. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 pafupifupi anthu 9 mwa 10 aliwonse a kumpoto adasankha nyali ya matipate n'kusiya tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo mu 1994 chipani cha Chihana cha AFORD chidatenga mipando yonse 33 ya chigawochi.

Ufulu woyankhula udabwera, koma udabwera ndi ndale za wakwithu. Pansanja padayamba kumveka kuti voterani wanu, enawo adzakuiwalani. Chisankho cha 1999 chisadachitike kudafalitsidwa mantha oti dziko likusandutsidwa la Chisilamu, ndipo Bakili Muluzi atapambana, m'madera ena a kumpoto mizikiti idatenthedwa. Foni za m'manja zidali zisadafike kumudzi, koma moto udayaka.

Ku Chitipa nkhani yaikulu pansanja idali msewu, ndipo apa ndiyenera kuchedwapo, chifukwa yemwe sadauyende sangamvetse chifukwa chomwe mawu amodzi okha ankautsira nthungululu. Msewu wa Karonga–Chitipa ndi wa makilomita 101. Asadauthire phula, ulendo wake nyengo ya dzinja unkatha kudya tsiku lathunthu. Lole ya matola inkakwera zitunda ikubuula, anthu atakhala pamwamba pa matumba a chimanga ndi nyemba. Ikatitimira, amuna ankatsika kukadula nthambi zoika kunsi kwa matayala, amayi ataima pambali ana ali kumbuyo, matope mpaka m'mawondo. Mayi wovutika pobereka, wotumizidwa kuchipatala chachikulu, ankadutsa momwemo. Chilimwe munkafika paboma muli psuu ndi fumbi, nsidze zomwe. Palibe wandale adafika ku Chitipa osautchula msewuwo, ndipo zisankho zidabwera n'kupita uli chomwecho. Ntchito idayambika ndi thandizo la Taiwan, koma kumapeto kwa 2007 boma la Bingu wa Mutharika lidasiya Taiwan n'kupalana ubwenzi ndi China, ndipo kampani ya China Road and Bridge Corporation ndiyo idaumaliza cha m'ma 2012, patatha zaka pafupifupi 50 chilandirireni ufulu. Lero malo ake atengedwa ndi msewu wa Rumphi–Nyika–Chitipa, wodzera ku Nthalire, womwe boma lililonse limaulonjeza.

Lonjezo la pansanja, ngakhale labodza, lidali ndi nkhope ndi mboni. Mfumu idali pampando kutsogolo, anthu adamva ndi makutu awo, ndipo wolonjezayo akabweranso ankakumbutsidwa. Mu 2009 kumpoto kudavotera Bingu mwaunyinji, chaka chomwecho kota n'kubwerera, ndipo anthu adadziwa wofunika kumukwiyira. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011, zomwe zidaphetsa anthu 20, ambiri mwa iwo ku Mzuzu, bungwe la MACRA lidaletsa mawailesi kuulutsa zochitikazo pompopompo. Anthu a m'tauni adathamangira ku Facebook ndi Twitter. Ndi tsiku limenelo pomwe andale a kuno adaona mphamvu ya foni.

Wina anganene kuti za pa intaneti sizikhudza Chitipa. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 234,927 m'bomali, ambiri mwa iwo alimi a kumudzi, ndipo m'dziko lonse ogwiritsa ntchito intaneti ndi ochepa, mwina mmodzi mwa anayi kapena asanu. Koma kuwerenga mafoni sikuwerenga makutu. Imani pamalo ometera tsitsi pamsika wa kumudzi, pomwe pali sola yotchajira mafoni. Mnyamata wa kabaza waimika njinga yamoto, wagula bandulo ya WhatsApp ya tsiku limodzi, ndipo mauthenga akulowa motsatizana. Watsegula mawu ojambulidwa n'kukweza sipika. Munthu wosaoneka nkhope akuyankhula Chichewa mwaukali, akutchula mabiliyoni omwe akuti abedwa, akulumbira kuti ali ndi umboni. Ometedwa, ometa ndi mayi wogulitsa nthochi pakhomo onse atchera khutu. Mkulu wina sadamve bwino, ndipo mnyamatayo akumumasulira m'Chilambya, mowonjezera pang'ono kuti zikome. Madzulo mkuluyo ali pamaliro, ndipo nkhani ija ikufotokozedwa pamoto. Pofika apo ilibenso mwini. Yangokhala "akuti".

Apa ndi pomwe pali kusintha kwenikweni. Uthenga sukubweranso ndi mawu a boma omwe munthu adazolowera kuwakayikira. Ukubwera kuchokera kwa mwana wake wa ku Lilongwe, kwa mphwake wa ku Johannesburg, m'gulupu la mpingo, m'gulupu la ochokera mudzi umodzi. Kuukayikira kuli ngati kukayikira mbale wako. Wandale adangoponya mbewu; ofesa ndife.

Ndipo amadziwa kuiponya. Zipani zonse zazikulu zili ndi achinyamata ogwira ntchito imeneyi, ena olipidwa, ena ongogulidwa bandulo, ena odzipereka ndi mtima wonse. Njira zawo n'zodziwika kwa aliyense wokhala m'magulupu: chithunzi cha msonkhano wakale, kapena wa dziko lina, choikidwa ngati cha lero, kalata yopeka yokhala ndi chidindo cha boma, kanema wodulidwa pakati kuti munthu amveke akunena zomwe sadanene, masamba a maina onama otukwana aliyense wofunsa funso. Mtsogoleri satchulidwanso dzina lake, amakhala Adadi, amakhala wotitengera ku Kenani, ndipo wotsutsana naye amakhala mfiti kapena wakupha. Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi momwe mitundu imagwiritsidwira ntchito. Pamasamba a mchezo Mlambya, Msukwa, Mndali ndi Mnyiha onse amangosanduka "Atumbuka", otukwanidwa pamodzi kuti mbwenumbwenu, kapena oitanidwa pamodzi kuti adane ndi Alomwe lero, Achewa mawa. Boma lomwe anthu a zilankhulo zosiyana akhala akukwatirana ndi kugulitsana malonda kwa zaka mazana likuphunzitsidwa kuona dziko m'magulu atatu.

Sindikunena kuti foni yangobweretsa zoipa. Chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chitachitika, zithunzi za mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi tipeksi zidayenda pa WhatsApp dziko lonse, ndipo sizidali zabodza. Yemwe adatsogolera zionetsero za bungwe la HRDC zofuna kuti Jane Ansah atule pansi udindo ku MEC adali Timothy Mtambo, mwana wa ku Chitipa, ndipo masiku a zionetserozo ankalengezedwa pafoni mawailesi asadanene. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti lidafafaniza chisankhocho. Ichi n'chinthu chonyaditsa. Koma m'miyezi yomweyo masitolo a anthu osalakwa adathyoledwa ndipo maofesi adatenthedwa m'matauni angapo, pomwe mauthenga otenthetsa mitima ankayenda mbali zonse ziwiri. Mtambo adadzakhala nduna m'boma la Lazarus Chakwera mu Julayi 2020.

Chaka chomwecho chidaonetsa mbali yoopsa kwambiri. Ku Zambia kudabuka mantha a anthu opopera mpweya wa poizoni m'nyumba usiku, kuyambira ku Chingola, ndipo oganiziridwa ambiri adaphedwa ndi magulu olusa. Pofika Malichi mphekeserayo idali itawoloka malire n'kusanduka ya anamapopa, ija idazunguza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017. M'maboma a kumpoto, Chitipa ili momwemo, mabanja adayamba kugona panja, anyamata n'kumatchinga misewu ndi kufunsa mlendo aliyense. Anthu osalakwa adafa. Chisankho chobwereza chili pafupi, andale sadagwirane manja kuti azimitse motowo. Mbali iliyonse idaloza chala inzake.

Kenaka padabwera malonjezo, okonzedwa bwino kuti akwane pachithunzi chimodzi cha pafoni: ntchito 1 miliyoni, kudya katatu patsiku, thumba la feteleza pa K4,495. Kwa mlimi wa chimanga wa ku Chitipa lachitatulo ndilo lidagwira mtima, ndipo chaka choyamba lidakwaniritsidwa. Pofika 2022 thumba lomwelo la sabuside lidali pa K15,000, opindula atachepetsedwa, ndipo mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Zithunzi zomwe zidakopa anthu mu 2020 zidafukulidwa n'kukhala zida za otsutsa. Pano foni idagwira ntchito ya mboni, ndipo ndi bwino kuti idatero.

Imfa ya wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena 8 pangozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024 ndiyo idaonetsa kuti chisoni nacho chimakololedwa. Anthu adali ndi mafunso oyenera, makamaka pa momwe ntchito yofunafuna ndegeyo idayendera. Koma thupi lisadaikidwe n'komwe, magulupu adali atadzaza ndi mawu ojambulidwa otchula opha, ola lake ndi chifukwa chake, popanda umboni. Gulu lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Jabbar Alide lidanena mu Disembala 2024 kuti silidapeze umboni wa chiwembu, koma ambiri adali atagamula kale, ndipo boma lidali litataya chikhulupiriro choti n'kuwatembenuza. Nkhaniyi idayenda mpaka pakampeni ya chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, chomwe Peter Mutharika adapambana ndi 56.8 peresenti, Chakwera n'kupeza 33. Sindikhulupirira kuti WhatsApp ndiyo idavota. Anthu adavotera mtengo wa chimanga, wa feteleza ndi mizere ya mafuta. Koma mkwiyo woonawo udakwezedwa pamsana ndi mabodza ambiri, ndipo omwe adapambana nawo adzaupeza ukuwadikira.

Yankho la maboma athu lakhala lamulo ndi unyolo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lagwiritsidwa ntchito, pansi pa DPP ndi pansi pa MCP pomwe, kumanga anthu onyoza atsogoleri, pomwe opeka mabodza m'malo mwa chipani cholamula sakhudzidwa kawirikawiri. Mu Januwale 2025 MACRA idalengeza zogula makina a ndalama zokwana madola 1.5 miliyoni kukampani ya ku Ghana oti azilondola nkhani zabodza pamasamba a mchezo, ndipo mabungwe omenyera ufulu adadandaula kuti akhala ozondera anthu chisankho chili pafupi. Ngakhale makinawo akadakhala ndi cholinga choyera, ku Chitipa sakadathandiza kwenikweni. Mauthenga a pa WhatsApp ndi otsekedwa, ambiri ndi mawu osati zolemba, ndipo akangomasuliridwa m'Chindali kapena m'Chinyiha palibe makina a ku California kapena a ku Lilongwe omwe angawamve.

Bodza limafika kwa agogo a ku Misuku m'chilankhulo chawo, chifukwa mdzukulu wawamasulira. Kutsutsa kwake kumatuluka patapita masiku, m'Chingerezi, patsamba la nyuzipepala yomwe kumudziko sifika. Unduna ukatulutsa chikalata chokana mphekesera, umachilemba m'Chingerezi, mwina ndi m'Chichewa, kawirikawiri osaganiza za womasulira. Wailesi ya Tuntufye, ya dayosizi ya Katolika ya Karonga, ndi imodzi mwa zochepa zomwe zimayankhula ndi anthu a kuno m'zilankhulo za kwawo. Kupatula atolankhani ochepa ngati amenewo, ntchito yofunsa kuti "wanena ndani, ndipo waona ndani" yatsalira aphunzitsi, abusa, alangizi a zaumoyo ndi mafumu. Iwowa alibe bandulo yaulere ngati anyamata a zipani, nawonso ali m'magulupu omwewo, ndipo mpaka pano palibe boma kapena chipani chomwe chaikapo ndalama zoti nkhani zotsimikizika zizifika kwa Kameme, ku Wenya ndi ku Misuku m'zilankhulo za eni ake chisankho cha 2030 chisadafike.